Mawu Asanu ndi Awiri a Mai Loko

Ku Kafue Estates mukafunsa nyumba ya Clementina Chulu, anthu amayamba ayang'anana. Koma mukangoti mukufuna Mai Loko, ngakhale mayi wogulitsa makala pakona amakulozerani ndi mlomo: nyumba yachitatu kuchokera pamtengo wa mango, ya geti yobiriwira. Dzinali si la ubatizo. Analipeza ndi pakamwa pake, kapena tinene zoona, analipeza chifukwa chotseka pakamwapo.

Clementina ndi mlangizi. Kwa zaka makumi atatu ndi mphambu, atsikana a m'tauni muno akhala akugwada pamphasa m'chipinda chake chakumbuyo ukwati ukayandikira, kuphunzira zimene mayi wobereka sangauze mwana wake. Koma ntchito ya mlangizi sithera pa ng'oma ndi nthungululu. Imayamba pakatha miyezi ingapo, mkwatibwi uja akabwera yekha masana, maso otupa, n'kunena kuti wadzabwereka sefa. Sefa yake iti! Clementina ankaika madzi pambaula, kutseka chitseko, n'kumvetsera. Motero ankadziwa bambo amene amabangula paguwa tsiku la Sabata koma kuchipinda ndi mlendo. Ankadziwa mayi amene amabisa mankhwala ake m'chitini cha tiyi. Ankadziwa nyumba zimene zimaseka pakhonde pokha. Zonsezi zinkalowa, osatuluka. Amayi a kumsika anayesa njira zonse, ena kumuwonjezera tomato wa mbasela, ena kumuyamba ndi bodza kuti iye alikonze, koma ankangoti, "Za kumzinda saulula," n'kufunsa mtengo wa kapenta. Ankanyadira zimenezi, ndipo tisabise, ankanyadira mopitirira. Munda analibe, sukulu analekeza panjira, nkhope yake inali ya anthu onse. Chuma chake chinali dzina limenelo, ndi mnzake mmodzi.

Anabadwira m'nyumba za njanji, kufupi ndi siteshoni. Bambo ake anachokera ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito yoyendera njanji, ndipo anali munthu wosakonda nthano. M'malo mwake, akamameta ndevu Loweruka m'mawa, ankatchula masiteshoni a kum'mwera ngati pemphero: Mazabuka, Magoye, Monze, Chisekesi, Pemba, Batoka, Choma. Mwana aliyense m'nyumbamo ankayenera kuwabwereza asanalandire chitumbuwa. Clementina anawaloweza asanadziwe kulemba dzina lake. Atakula anakwatiwa ndi Jesse Chulu, wa ku fakitale ina ku Industrial, munthu wofatsa amene ankabwera kunyumba akununkha makina. Anabereka mwana mmodzi, Lindiwe, amene tsopano ali ku Kitwe ndi banja lake.

Mnzake uja ndi Emelia Daka. Anafika ku Estates chaka chimodzi, onse ali akazi atsopano, ndipo anadziwana pampopi chifukwa cha kalankhulidwe ka kwawo. Emelia ndi mkazi wa a Whiteson, amene panthawiyo ankagwira ntchito ya magetsi. Chaka china a Whiteson anatumizidwa ku maphunziro ku Kabwe kwa miyezi itatu. Atabwerera, pasanapite nthawi, Emelia anafika kwa Clementina masana dzuwa likuswa mtengo, anakhala pansi pafupi ndi mbaula, n'kuyamba kuwerenga miyezi ndi zala. Zala zinakana: mimba inayamba a Whiteson ali ku Kabwe. Mwini mimbayo anali woyendetsa lole wa ku malire, munthu amene ngakhale dzina lake lachiwiri Emelia sankalidziwa.

Clementina anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo palibe amene anamuphunzitsa zoyenera kunena. Anangogwira zala za mnzakezo n'kuzipinda.

"Leka kuwerenga. Mwana azabadwa musanga, ndiye vamene tizakamba. Ine sininamve kanthu."

Mwana anabadwa, a Whiteson anamutcha Mabvuto chifukwa ankati wavutitsa amake pofulumira, ndipo anamukonda kuposa ana onse amene anabwera pambuyo. Anamuphunzitsa kugwira pulayazi asanayambe sukulu. Chimenecho ndicho chinsinsi choyamba chimene Clementina anasunga, ndipo zina zonse zinadzaunjikana pamwamba pake. Akaziwa anakalamba limodzi. Anaphikirana pamaliro, anabwerekana zitenje, anakangana za mchere n'kugwirizananso madzulo ake. Jesse atamwalira, Emelia ndiye anagona pambali pa Clementina mwezi wathunthu.

Ndalama za kuntchito kwa Jesse zitatuluka, Clementina anaganiza zomanga kanyumba ku Shimabala, kumene anali ndi puloti yaing'ono, kuti akakalambire pafupi ndi chimanga. Koma Lindiwe anati adikire kaye, ndipo podikirapo mtengo wa simenti unkakwera ngati uli ndi mapiko. Apa ndi pamene analowerera Enock.

Enock ndi bambo wa zaka makumi anayi, dikoni ku tchalitchi china cha Pentekosite, ndipo ali ndi kabutu kotumizira ndalama pafoni pafupi ndi msika. Ndi Mbemba, choncho iye ndi Clementina ankanyozana mwaufulu, monga mwa chimbuya cha mitundu yawo. Iye ankamufunsa ngati mbewa zadula mtengo, Clementina n'kumufunsa ngati anyani a kwawo atsalako. Enock sanali wakuba. Tinene zimenezi msanga, chifukwa ambiri amathamangira pamenepo. Anali munthu wokhulupirira zimene waona pa intaneti ngati mmene amakhulupirira za kumwamba.

"Mami, kwacha ya masiku yano ili monga ayisi buloko," anatero tsiku lina. "Mukaigwira mu manja, isungunuka. Ikani mu bitikoini. Ni ndalama ya pa intaneti, ilibe banki, ilibe manijala. Kiyi musunga mweka."

"Kiyi yake ya nsimbi?"

"Awe, ni mau chabe. Mau yachisinsi. Wamene aziba mau ndiye mwine wa ndalama. Ngati simunauze muntu, palibe angaigwire."

Clementina atamva zimenezo anaseka. Ndalama imene imasungidwa ndi kutseka pakamwa! Anaona ngati azungu apanga chinthu chimenechi akumuganizira iyeyo. Banki ili ndi makalaliki, ndipo kalaliki aliyense ali ndi mkazi, ndipo akazi amenewo iye ankawadziwa bwino. Koma chinsinsi chokhala m'mutu mwa Mai Loko, ndani angachifikire?

Enock anatsegula tsamba lina pa kompyuta yake. Anati analipeza pa gulu la pafoni la abale okonda bizinesi, ndipo linali laulere. Munthu umalemba mawu amene sungaiwale, tsambalo n'kukupangira chikwama cha ndalama ndi kiyi yake kuchokera m'mawuwo. Anamukankhira kompyuta.

"Lembani apa. Ine nizayangana kumbali. Olo ine sinifunika kuyaona."

"Utembenuke zoona, iwe Mubemba. Nikuzibani imwe."

Enock anatuluka panja n'kukaima pafupi ndi wogulitsa chinangwa. Clementina anakhala nthawi akuyang'ana kabokosi koyera kaja. Mayina a ana angathe kuwaganizira aliyense. Tsiku lobadwa lili pa chitupa. Kenako anamva fungo la sopo wometera wa bambo ake, ndipo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, analemba masiteshoni asanu ndi awiri aja. Bambo ake anapita kalekale, abale ake awiri anawatsatira. Padziko lonse, anaganiza choncho, watsala yekha amene amadziwa pemphero la Loweruka lija.

Zaka ziwiri zinadutsa bwino. Mwezi uliwonse ankadutsira pa kabutu ka Enock, iye n'kumuonetsa nambala pafoni. Nthawi zina yakwera, nthawi zina yatsika, koma inalipo. Ankabwerera kunyumba akuyenda ngati munthu wobisa nyama m'thumba.

Mu Meyi chaka chatha madokotala anamupeza ndi chotupa m'mimba, ndipo anamutumiza ku Lusaka kukachita opaleshoni. Lindiwe anali ndi khanda, sakanatha kubwera msanga. Emelia ndiye anakwera naye minibasi, atanyamula beseni, fulasiki ndi zitenje ziwiri. M'mawa wa tsiku la opaleshoni, anamwino atamuveka kale chovala chotseguka kumsana, Clementina anachita mantha. Sanaope imfa kwenikweni. Anaopa kufa ndi mawu aja m'mutu, thukuta lonse la Jesse n'kukwiriridwa naye limodzi. Anakoka Emelia pa dzanja.

"Amake Mabvuto, sendera. Nikapanda kuuka, uuze Lindiwe ayende kuli Enock na aya mau."

Anamunong'oneza kukhutu, kawiri. Emelia anagwedeza mutu, maso ali pa botolo la madzi lolendewera pamwamba pa bedi.

"Wamvera?"

"Namvera. Yenda chabe, uzauka."

Anadzukadi. Anabwerera ku Kafue ndi bala la m'mimba, Emelia akumuphikira phala ndi kumusambitsa. Patatha sabata zisanu, atayamba kuyenda yekha, anapita kwa Enock kukaona nambala yake. Enock anayang'ana foni, anaipukuta pa malaya, anayang'ananso. Anazimitsa n'kuyatsa. M'chikwamamo munalibe kanthu. Zonse zinatuluka tsiku limodzi, Lachiwiri lapitalo, kupita ku nambala yaitali yopanda dzina la munthu.

Clementina sanakuwe. Anamva ngati mankhwala ogonetsa a kuchipatala aja abwereranso m'thupi, kuyambira kumapazi. Ankaona mlomo wa Enock ukuyenda, ankaona njinga zikudutsa, koma zonse zinali patali.

"Yanga iliko, ya ba Mwila bamene ninapangira nayo iliko," Enock ankatero, thukuta lili chuchuchu. "Ni yanu yeka. Mami, iyi ndalama siyenda yeka. Afunika muntu wamene aziba mau. Munauzako ndani?"

Funso limeneli analifunsa mosalakwa, ndipo ndi limene linawononga zonse. Mai Loko sakanavomera pamsika kuti anatsegulapo pakamwa. Anapita kunyumba, anakhala pampando wa Jesse, n'kumayang'ana khoma mpaka dzuwa linapendeka. Mawu anatuluka m'kamwa mwake kamodzi kokha, kulowa m'khutu limodzi lokha. Anayesa kuizungulira nkhaniyo mbali zonse, koma inkabwerera pomwepo.

Emelia anapitiriza kubwera ndi phala. Clementina ankalandira, kuthokoza, n'kulisiya lizizire. Ankayang'ana manja a mnzakeyo, nsapato zake, chitenje chake, kufuna kuona chatsopano. Sanamufunse. Akanafunsa, mwina bwenzi nkhaniyi itathera pa kukangana kwa tsiku limodzi ngati za mchere zija. Koma munthu amene wazolowera kusunga zinthu m'mimba amasunganso ndi zowola zomwe.

Loweruka lina mu Julaye anamva kugogoda kwa hamala kuchokera kumsewu wa kwa a Daka. Anavala nsapato n'kupita. Anapeza malata atsopano ataunjikidwa pabwalo, akuwala mpaka kuthobwa m'maso. Mabvuto, amene tsopano ndi bambo wa ana awiri ndipo amagwira ntchito ya magetsi ku Lusaka, anali padenga ndi amisiri awiri. A Whiteson anali pansi atagwira makwerero, akulamula ngati kapitawo. Emelia anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nkhope yonse ili mwee.

"Amake Lindiwe, bwera uone! Mwana watikumbuka. Chaka chino sitizaika mabeseni pa bedi."

"Ndalama yachokera kuti?"

Emelia anadabwa ndi liwulo. "Ni Mabvuto. Anagwira kontilakiti."

"Kontilakiti ya ku Mazabuka?"

"Ukamba chani?"

A Whiteson anaseka, osadziwa kanthu. "Mulamu, nsanje siyimanga nyumba. Mwana wanga uyu ni mwamuna."

Clementina akakumbukira mphindi imeneyo amati sanamve mkwiyo. Anamva kuzizira kokha, ndipo mawu anatuluka okha, osakweza, ngati akufunsa mtengo wa kapenta.

"Mwana wanu? Mufunseni uyu. Muntu wamene anabisa tate wa mwana zaka sate-faifi, angakangiwe kubisa ndalama yanga? Muwerenge myezi ya ku Kabwe, ba Whiteson. Ine ninamulesa kuwerenga."

Hamala inasiya kulira. Mmisiri mmodzi anayang'ana kumwamba ngati kuli ndeke. Emelia sanakane, ndipo kusakanako ndiko kunamaliza zonse. Anangokhala pansi pomwepo, pafumbi, manja ali pamiyendo. A Whiteson anapitiriza kugwira makwerero, chifukwa Mabvuto anali akutsika, ndipo anawagwira mpaka phazi lake linaponda pansi. Atatero anawasiya n'kulowa m'nyumba. Clementina anatembenuka n'kubwerera kwawo. Panjira anagula makala.

Madzi akatayika saoleka. Pofika Lolemba, nkhani inali itafika ku Zambia Compound, itawoloka njanji, itakwera minibasi. Sabata yomweyo a Whiteson ananyamula chikwama chimodzi ndi bokosi la zipangizo zawo n'kupita kwa mng'ono wawo ku Petauke. Sanamenye munthu, sanatukwane. Mabvuto anabwerera ku Lusaka tsiku lomwelo la malata ndipo anasiya kuyankha foni ya amake. Denga linatsala theka latsopano, theka lakale.

Kwa Clementina kunagwa chinthu chimene sanachiyembekezere: ulemu. Amayi amene kale ankamukoka chitenje pamsika anayamba kumupatsa moni wopinda mawondo, moni wautali, wa mantha. Bambo wobangula paguwa uja anamutumizira nkhuku popanda chifukwa. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mbaula yake tsopano ankadziwa kuti loko uja amatseguka, ndipo ankadzifunsa kuti tsiku lake ndi liti. Nyengo ya maukwati inafika, koma mphasa ya m'chipinda chakumbuyo inakhala yopindidwa. Palibe anabweranso kudzabwereka sefa. Iye ankadzuka, kusesa, kuphika nshima ya munthu mmodzi, kudya theka. Sankalira. Akayesa kudzimvera chisoni, kapena kumvera chisoni Emelia, ankapeza kuti pamalopo pachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Chimodzi chokha chinkamuimika: anandibera, ndiye ndinabwezera.

Kumayambiriro kwa Novembala, kunja kukutentha ngati m'chiwaya, Enock anagogoda pa geti yobiriwira. Anali atawonda. Anakana mpando, anakhala pa sitepe.

"Mami, nabwera kupepesa. Yanga nayo yayenda. Ya ba Mwila, ya ba Bertha ba ku kwaya, bonse bamene ninapangira pa ija webusaiti. Sabata yatha, siku imozi."

Clementina anamufunsa kuti zatheka bwanji.

"Ninayenda ku Lusaka kuli muntu wamene aziba ivi vintu. Akuti ija webusaiti inali ya bakawalala. Ukalemba mau, ikupasa kiyi, koma nabeve basunga kope. Bayembekeza chabe ndalama ichuluke. Banayamba na vikwama vikulu, ndiye chifukwa yanu inayenda poyamba."

"Koma unatuluka panja. Palibe anaona."

"Ine sininaone. Koma kompyuta inaona, mami. Tinabisa ku bantu ba pa maliketi, kansi kawalala tamupasa mu manja." Anapukuta nkhope. "Ananifunsa futi ati mau yanali ya bwanji. Nakamba siniziba. Akuti ngati yanali mau ya mu nyimbo, olo vesi, olo mazina yolondolana, olo webusaiti inali yabwino sembe banaba chabe. Kuli makina yamene yayesa mau mamiliyoni, usiku na muzuba, siyalema. Mau yafunika kusankiwa na makina yako yokulupirika, yosagwirizana, osati yochoka mu mutu. Yanu yanali ya bwanji?"

Panalibenso chobisa. Clementina anawatchula, onse asanu ndi awiri, ndi liwu la bambo ake.

Enock anagwira mutu. "Mami, ayo ni matauni ya pa mapu."

"Ni ya atate banga."

"Ee. Koma yali pa mapu."

Nkhuku ya bambo wa paguwa ija inkapalasa pansi pa mpanda. Kenako Clementina anafunsa funso limodzi lokha, ngati chinthu chikatuluka chingathe kuitanidwa kuti chibwerere. Enock anaganiza kuti akunena za ndalama, ndipo anafotokoza mwatsatanetsatane kuti ayi, bitikoini ikapita yapita, palibe ofesi yokadandaulako. Clementina anagwedeza mutu. Anamuuza kuti apite bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamufunse za anyani.

Anatenga masiku atatu kuti avale nsapato. Tsiku lachinayi mitambo inayamba kusonkhana mbali ya kumapiri, ndipo anapita. Pabwalo la a Daka malata otsala aja anali pomwepo, fumbi litawaphimba, wina ataikapo njerwa kuti asauluke. Emelia anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anali atachepa thupi, tsitsi loyera likuonekera m'mphepete mwa duku. Ataona mlendoyo sanadzuke, komanso sanamuthamangitse. Anangosuntha phazi kuti apeze pokhala.

Clementina anakhala pansi. Mlangizi amene anaphunzitsa akazi mazana mmene amapepesera, kugwada kwake, kuwomba m'manja kwake, anapeza kuti palibe chimodzi mwa zimenezo chimene chikukwana pano. Anangofotokoza zimene Enock ananena, mwandondomeko, ngati akupereka uthenga wa maliro a munthu wakutali. Emelia anamvetsera akutaya timiyala kumbali.

"Ninamvera," anatero pomaliza. "Ba Bertha banakamba ku maliketi."

"Ninaganiza ati ni iwe."

"Niziba."

"Unali weka wamene ninauza."

Emelia anaika lichero pansi. Anayang'ana mnzakeyo nthawi yaitali, popanda mkwiyo, ndi maso otopa a munthu amene wasiya kuyembekezera foni.

"Amake Lindiwe, aja mau sininayagwire. Ninamvera chabe Mazabuka. Kuchoka apo nenze kupempera mu mutima kuti usafe. Ine kumwera sininayendeko, nifika pa buliji ya Kafue nabwerera. Ninavomera chabe kuti uyende ku fiyeta na mutima uli pansi." Anatenganso lichero. "Usiku wonse uja nenze na manta ati ukafa nizamuuza chani Lindiwe."

Clementina anafuna kuti chinachake chimupweteke. Anadikira misozi, anadikira kuti mtima uphulike, kuti agwe pansi n'kugubuduka monga amachitira opepesa. Sipanabwere kanthu. Anamva bala la opaleshoni likuyabwa, basi.

"Ba Whiteson batuma foni?"

"Iyai."

"Mabvuto?"

"Anatuma mesiji. Afuna zina ya uja muntu. Ine niziba chabe ya kuyamba."

Mphepo inawomba, lata limodzi padenga linagogoda pamene silinakhomedwe. Emelia anayang'ana kumwamba, anadzuka, n'kulowa m'nyumba. Clementina anamva mabeseni akukokedwa pansi pa bedi. Anadikira pang'ono kuti mwina aitanidwa kudzathandiza, monga zaka zonse. Sanaitanidwe.

Sanabwerere kunyumba mwachindunji. Miyendo inamutengera kumsewu waukulu, pamene mabasi ochokera ku Lusaka amaima asanawoloke mtsinje. Basi ina inali itangofika. Kondakitala anali atalendewera pachitseko, akumenya bodi ya basiyo ndi chikhatho, akukuwa kuti tauni yonse imve.

"Mazabuka! Magoye! Monze! Chisekesi, Pemba, Batoka, Choma! Tiyeni, tiyeni!"

Zaka zonsezi wakhala akudutsa pamenepa popita kumsika, ndipo sanamvepo. Anaima chilili. Kondakitala anamuona n'kudumpha pansi.

"Mami, muyenda kuti? Choma? Malo yaliko."

Clementina anapukusa mutu. Basi inanyamuka, ina inafika pambuyo pake, ndipo kondakitala wake anayamba kukuwa mawu omwewo. Madontho oyamba a mvula anagwa pafumbi, amayi ogulitsa nthochi anayamba kuphimba katundu wawo, ndipo iye anali chiimire pomwepo.